Momwe wothamanga wamba amakonzekerera mpikisano wa marathon

Wothamanga wamba ndi munthu amene amathamanga mitunda italiitali chifukwa chokonda masewerowo, pamene ntchito yomudyetsa ili kwina. Atha kukhala mphunzitsi, namwino, msilikali kapena mayi wa geni. M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu anthu otere amaoneka m'bandakucha m'mphepete mwa misewu, galimoto zisanachuluke. Ambiri amalakalaka kumaliza mpikisano wa makilomita 21.1 kapena marathon yathunthu ya makilomita 42.195, mtunda umene unathamangidwa pa masewero a Olimpiki a ku London mu 1908 ndipo unakhazikitsidwa mu 1921 kuti ukhale muyezo wa dziko lonse.

Katswiri ngati Eliud Kipchoge wa ku Kenya amathamanga kawiri patsiku, masana n'kugona. Wothamanga wamba amangokhala ndi ola limodzi asanapite ku ntchito, ndipo madzulo banja limamudikira. Choncho ndondomeko yake imatsamira pa mfundo imene ambiri amaizindikira atavulala kale: kuthamanga kumatopetsa minofu ndi kuing'amba pang'onopang'ono, ndipo mphamvu zimawonjezeka pambuyo pake, thupi likadya ndi kupuma n'kukonza zowonongekazo.

Ndondomeko zambiri za marathon zimatenga masabata 16 mpaka 20, munthu akuthamanga masiku atatu, anayi kapena asanu pasabata. Chimene chimadabwitsa oyamba kumene n'chakuti ambiri mwa masikuwa ndi othamanga mofatsa, paliwiro loti munthu n'kumacheza ndi mnzake osawefuka. Stephen Seiler, katswiri wa sayansi ya masewero amene amagwira ntchito ku Norway, anafufuza momwe akatswiri a mitunda italiitali amakonzekerera ndipo anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a zokonzekera zawo amakhala ofatsa chomwechi. Liwiro lofatsa limalimbitsa mtima, limachulukitsa timitsempha ta magazi m'minofu komanso limazoloweretsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta ake. Wamba amene amathamanga mwaliwiro tsiku ndi tsiku, mwina pochita manyazi kuti anthu a m'minibasi amuona akuchedwa, amangodzitopetsa.

Liwiro lili ndi tsiku lake, kamodzi pasabata. Patsikuli wothamanga amabwereza kangapo mamita 400 kapena 800 pabwalo, akupumira pakati, apo ayi amakwera chitunda mothamanga n'kutsika poyenda. Amene akukonzekera Porters Race ya pa phiri la Mulanje, yomwe imayambira ku Likhubula, sangachitire mwina koma kuzolowera zitunda, makamaka kutsetsereka, chifukwa n'kumene kumapweteka ntchafu kuposa kukwera.

Loweruka kapena Lamulungu ndi tsiku la mtunda wautali, umene umawonjezeka sabata ndi sabata mpaka kufika makilomita 30 kapena 32. Aphunzitsi ambiri amalangiza kuti makilomita a sabata yonse asawonjezeke kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Ili si lamulo la sayansi, koma cholinga chake n'chomveka: mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kusiyana ndi mafupa ndi mitsempha ya m'miyendo, motero munthu amadzimva wamphamvu miyendo isanakhwime. Masewero olimbitsa ntchafu, chiuno ndi msana amathandiza pamenepa, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu aliyense kuchita masewero olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pasabata. Kukatsala masabata awiri kapena atatu kuti mpikisano uchitike, makilomita amachepetsedwa kuti thupi lifike patsikulo litapuma.

Pa nkhani ya chakudya, Mmalawi sayambira patali. Thupi limasunga mphamvu yochokera ku zakudya zokhutitsa m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo asayansi amaitcha glycogen. Nkhokwe imeneyi ndi ya magalamu pafupifupi 500 basi. Ikatha, kawirikawiri cha pa makilomita 30, miyendo imalemera mwadzidzidzi ndipo wothamanga amayamba kuyenda ngakhale mtima ukufuna. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi nthochi n'zimene zimadzaza nkhokweyi. Akatswiri a ku Kenya, amene dziko lonse limawasirira, chakudya chawo chachikulu ndi ugali, imene ndi nsima yomweyi. Vuto la nsima ndi nthawi yoidyera: imafuna maola atatu kapena anayi kuti igayike, n'chifukwa chake wothamanga m'mawa amadalira mgonero wadzulo, n'kungowonjezera nthochi kapena phala pang'ono. Pa mtunda wopitirira ola limodzi, akatswiri a zakudya amalangiza kulandira magalamu 30 mpaka 60 a zopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndipo nthochi imodzi ili ndi magalamu oposa 20.

Pokonza minofu pamafunika zakudya zomanga thupi, magalamu 1.2 mpaka 2 a mapuloteni patsiku pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu. Wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu 72 mpaka 120. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kotero mazira okha sangakwanitse. Usipa, nyemba, soya, mkaka ndi nsinjiro ziyenera kugawidwa pa chakudya chilichonse cha tsikulo. Ufa wa m'zitini umene umagulitsidwa modula m'masitolo suchita chimene zakudya izi sizingachite. Amayi othamanga amayenera kusamala kwambiri za ayironi, popeza kuchepa kwa magazi kumabweretsa kutopa kosatha, ndipo tiyi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi amene thupi limayamwa ku nyemba ndi masamba.

Madzi nawo ali ndi muyezo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala thukuta limataya madzi ndi mchere wambiri, koma kumwa mopyola kumasungunula mchere wa m'magazi mpaka munthu kusokonezeka mutu kapena kukomoka. Kafukufuku wa pa Boston Marathon ya 2002 anapeza vutoli mwa othamanga 13 pa 100 alionse amene anayezedwa. Amene amatha maola ambiri pamsewu ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa amakhala ndi mpata womwa pamalo alionse operekera madzi. Kumwa ludzu likabwera ndi muyezo wabwino kwa ambiri.

Gawo limene wothamanga wamba amalinyozera kwambiri ndi tulo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9, choncho wodzuka 4 koloko m'mawa amene wagona 11 koloko usiku ataonera mpira amakhala wadzimana nthawi imene thupi limadzikonza. Tsiku limodzi kapena awiri pasabata amayenera kukhala osathamanga n'komwe.

Kuphwanya m'minofu kumene kumakula pakapita maola 24 mpaka 72 n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha. Ululu wa pamalo amodzi pafupa, wa mwendo umodzi, kapena wochititsa munthu kutsimphina ndi nkhani ina, ndipo umafuna kusiya kuthamanga n'kukaonana ndi achipatala. Kuuphimba ndi mankhwala opha ululu monga ibuprofen patsiku la mpikisano n'koopsa ku impso, makamaka thupi likataya madzi. Wotentha thupi, kaya ndi malungo kapena chimfine chachikulu, sathamanga mpaka atachira, ndipo akachira amayambiranso ndi mitunda yaifupi ngakhale tsiku la mpikisano litayandikira.