Luni, Buye ndi Chikwatu: Mbiri ya M'mphika wa ku Dedza

Aliyense amene adayendapo pa mseu wochokera ku Lilongwe kupita ku Ntcheu amaidziŵa misika ya pa Chimbiya, pa mphambano ya ku Bembeke ndi pa Lizulu. Galimoto ikangoima, amayi ndi anyamata amathamangira ndi mabeseni a mbatatesi, kabichi, karoti, anyezi ndi matimati. Timagula mokondwa, ndipo timanyadira kuti dziko lozizira la Dedza limadyetsa mizinda. Koma tikayang'anitsitsa kumapeto kwa mzere, nthaŵi zina timapeza mayi wokalamba atakhala phee ndi timilu tiŵiri ta luni kapena kambale ka buye. Ambiri timangomudutsa. Ana athu amafunsa kuti, “Kodi zimenezi n'chiyani?” Funsoli liyenera kutichititsa manyazi, pakuti pa chiguduli chimene mayiyo wayala pansi pali mbiri yakale kuposa zonse zimene tadzaza m'galimoto.

M'mapanga a ku Chongoni muli zithunzi zofiira zimene adajambula Akafula, anthu amene ankakhala m'mapiri ano makolo athu asadafike. Malowo adalembedwa m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Akafula sankalima, ankasaka nyama ndi kufuna zipatso, mizu ndi masamba m'tchire. Acheŵa atabwera ndi khasu, mbeu zao zidali mapira, maŵere, khobwe ndi nzama. Panalibe chimanga, panalibe nyemba. Ndiwo za masiku amenewo ndi zomwezi tikuzinyoza lero: luni, denje, chitambe, pamodzi ndi buye. Zonsezi kwao ndi kuno ku Africa.

Luni ndi kamtengo ka maluŵa oyera kamene kamakonda nthaka yonona, makamaka m'mbali mwa khola la ng'ombe. Angoni a Maseko, amene adakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870, adali anthu a ng'ombe, ndipo pamudzi pamene pali khola luni sasoŵa. Kukoma kwake ndi koŵaŵa, kuŵaŵa kwaulemu kumene kumatsegula kukhosi. Mayi wodziŵa amathyola nsonga zanthete maluŵa asadachuluke, amaŵiritsa, mwina n'kutaya madzi oyamba, kenaka n'kusakaniza ndi bonongwe kapena nkhwani kuti ukali uchepe. Akatendera ndi nsinjiro, kuŵaŵa kuja kumagona pansi, ndipo nsima imatha anthu asadazindikire.

Denje ndi wa therere, ndipo therere labwino linkafuna chidulo. Agogo athu ankatentha zitsononkho kapena mapesi a nyemba, n'kuika phulusa lake m'kambiya koboola kunsi, n'kuthira madzi kuti adonthe pang'onopang'ono. Madzi amenewo ndiwo ankafeŵetsa masamba ndi kupatsa therere kafungo kamene soda wa m'sitolo alibe. Pophika sankavundikira ndiponso sankachokapo, chifukwa therere likaŵira limafufuma n'kuzimitsa moto. Buye naye ndi mbeu ya m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu: timbatata tating'ono tonga zala, timene amakumba mvula ikatha. Timakoma taŵisi, mutangopala khungu, kapena toŵiritsa ndi mchere pang'ono.

Koma tisafulumire kunena kuti chachilendo chili chonse n'choipa. Likulu la Kalonga wa Amaravi lidali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, m'boma lomwe lino la Dedza. Pofukula pamalopo, katswiri wa zinthu zamakedzana Yusuf Juwayeyi adapeza mikanda ndi mapale a mbale zochokera kutsidya kwa nyanja. Amaravi ankachita malonda ndi Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena, ndipo kudzera m'njira zotere, kuyambira zaka za m'ma 1500, mbeu za ku America zidayamba kuloŵa pang'onopang'ono: chimanga, nyemba, maungu, mtedza, mbatata ndi chinangwa. Tsono nkhwani wotendera, umene timautcha ndiwo ya makolo, ndi ukwati wa alendo aŵiri. Khwanya, kholowa ndi chigwada nazo ndi masamba a mbeu zobwera. Ngakhale chisoso ndi mwamunaaligone, zimene zimangomera zokha m'mizere, kwao ndi ku America.

Apa mpamene pali phunziro. Alendo ameneŵa sadakhale athu chifukwa chongomera m'nthaka yathu. Adakhala athu chifukwa amayi adaŵalandira m'mphika, naŵapatsa maina a Chicheŵa, naŵaphika monga ankaphikira luni ndi chitambe. Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Makolo adalandira kalumoko, koma sadataye kao kakale.

Luso lao lalikulu lidali mfutso. Ku Dedza mvula ikatha kumabwera chisanu cha June ndi July, kenaka chilimwe chouma. Pokonzekera, amayi ankathyola chitambe, khwanya ndi nkhwani zikadali zambiri, n'kuzifutsa pang'ono, n'kuziyanika pamphasa. Zikauma ankazikulunga m'masamba a msuku, n'kumanga ndi luzi kukhala chikwatu, n'kupachika kudenga la khitchini kumene utsi umaingitsa tizilombo. Mu October, kunja kuli gwaa, chikwatu chinkamasulidwa, ndipo banja linkadya ndiwo za mu March. Mkazi wa zikwatu zambiri ankalemekezedwa monga mwamuna wa nkhokwe yodzaza.

Zinthu zidayamba kusintha dziko lino litakhala m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891. Amishoni adafika ku Nkhoma mu 1896, ku Mua mu 1902 ndi ku Bembeke mu 1910, ndipo iwo pamodzi ndi azungu a boma adaona kuti m'mapiri ozizira ndiwo za kwao zimakula bwino. Mbatatesi, kabichi ndi karoti zidatuluka m'madimba ao n'kufalikira m'midzi. Zidabweretsa ndalama, ndipo mabanja ambiri aphunzitsa ana ndi kufolera nyumba ndi malata chifukwa cha mbeu zimenezi. Sitingazinyoze. Cholakwa chidali chathu: m'masukulu ogonera ndi m'matauni tidaphunzira kuganiza kuti kabichi wokazinga m'mafuta ndiye chitukuko, ndipo luni ndi chisoso ndi ndiwo za amphaŵi, zosayenera kupatsa mlendo.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa alendowo adaona mtengo wa zimene ife tinkazitaya. Mu 1938 ndi 1939 gulu lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt lidafufuza za kadyedwe m'midzi ya m'boma la Nkhotakota. Mmodzi wa iwo, Jessie Williamson, adalemba buku la Useful Plants of Nyasaland, limene lidatuluka mu 1955 ndipo lidasindikizidwanso mu 1975. M'menemo adasunga maina a masamba ndi kaphikidwe kake monga adamvera kwa amayi akumudzi. Akatswiri a zakudya lero amatsimikiza kuti masamba obiriŵira kwambiri monga luni ndi bonongwe ali ndi mavitamini ndi michere yothandiza magazi yoposa ya kabichi woyera.

Njala ya 2002, imene idasautsa kwambiri chigawo chapakati, idatikumbutsa zomwezo. Chimanga chitasoŵa, anthu adabwerera ku masamba a m'mizere ndi m'tchire. Masamba sakhutitsa ngati nsima, komabe amagwira moyo, ndipo wodziŵa kusiyanitsa chodyedwa ndi chakupha amakhala ndi mwai woposa wa mnzake. Nzeru imeneyo siigulidwa tsiku la njala. Imaphunziridwa pa nthaŵi ya mtendere, mwana ali pambali pa amake ndi lichero.

Ku Chitedze kuli nkhokwe ya boma yosungira mbeu za makolo, ndipo tiyenera kuyamika. Koma mbeu yosungidwa m'botolo siiphunzitsa munthu kutcheza chidulo kapena kumanga chikwatu. Buye sagulidwa m'mapaketi monga mbeu ya kabichi. Amasungidwa ndi mlimi amene amabzala timbatata take chaka ndi chaka, ndipo mlimiyo akaleka, mbeu ya mudzi umenewo yatha. Kukoma nako kumafa: lilime limene silidazoloŵere kuŵaŵa kwa luni paubwana limadzakukana paukulu.

Tsono, abale, ntchito yake si yaikulu. Tisiye mzere umodzi wa luni kuseri kwa nyumba mpaka uchite njere. Titume atsikana ndi anyamata omwe kwa agogo ao pa nyengo yofutsa. Ndipo tikadzaimanso pa Lizulu kapena pa Bembeke, tikatha kugula mbatatesi, tiyende mpaka kumapeto kwa mzere, tigule kamulu ka mayi uja, ndipo timufunse mwaulemu m'mene amaphikira. Mau a akulu akoma akagonera, koma akuluwo sadzakhala nafe masiku onse.