Kuchoka pa thabwa lolendewera kufika pa radar: mbiri ya kuyeza liwiro la chipolopolo

Chipolopolo cha mfuti yosakira nyama zikuluzikulu chimatuluka pa liwiro la mamita oposa 800 pa sekondi imodzi. Diso silingachione, ndipo nyama imamva kulira kwa mfuti chitaipyoza kale. Chinthu chotere mungachiyeze ndi chiyani? Funso limeneli linazunguza mitu ya akatswiri a masamu ndi akuluakulu a asilikali kwa zaka mazanamazana, koma lero kachipangizo kokwana m'thumba la jekete kamaliyankha utsi usanabalalike.

Mpaka chiyambi cha zaka za m'ma 1700, oomba mizinga ku Ulaya ankadalira chizolowezi ndi masamu a Galileo, yemwe mu 1638 anafotokoza mmene chinthu choponyedwa chimakwerera ndi kutsika. Masamuwo ankatenga ngati mpweya kulibe, ndipo ambiri ankati mpweya sungapinge chinthu cholemera ngati mtovu.

Amene anatsutsa zimenezi ndi Benjamin Robins, wobadwira ku Bath, ku England, mu 1707. Makolo ake anali a mpingo wa Quaker, wodziwika ndi kukana nkhondo, koma mwanayo anadzatchuka ndi za mfuti. Mu 1742 anatulutsa buku lotchedwa New Principles of Gunnery, momwe anafotokoza chipangizo chosavuta modabwitsa. Anapachika chitsulo cholemera makilogalamu pafupifupi 25 pa miyendo itatu kuti chizilendewera, n'kumangirira thabwa lochindikala kutsogolo kwake. Akaombera thabwalo, chipolopolo chinkakanirira momwemo, chitsulocho n'kukankhidwira kumbuyo. Kunsi kwake anamangako kansalu kakang'ono kakatali, kamene kankakokeka chitsulo chikamasuntha, motero utali wa kansalu kokokekako unkaonetsa pamene chitsulo chafika. Podziwa kulemera kwa chipolopolo, kulemera kwa chitsulo ndi mtunda umene chasuntha, masamu ankapereka liwiro. Nzeru yake inali pamenepo: chothamanga chosaoneka ndi maso anachisandutsa kugwedezeka kwapang'onopang'ono kumene munthu angayeze ndi lula.

Anapeza kuti chipolopolo cha mfuti za nthawiyo, zothira wonga chakukamwa monga gogodela, chinkatuluka pa mamita pafupifupi 500 pa sekondi. Atamaombera ali patali mosiyanasiyana anaona kuti liwirolo likugwa msanga kwambiri, chifukwa mpweya unkachikankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwake nthawi zoposa 100. Anaonanso kuti kukankhako kumakula mwadzidzidzi chipolopolo chikayandikira liwiro limene phokoso limayendera, mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Opanga ndege anadzalimbana ndi vuto lomwelo patapita zaka 200. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anamasulira bukulo m'Chijeremani mu 1745 n'kuwonjezamo ndemanga zochuluka kuposa buku lenilenilo. Robins mwini wake sanakhalitse: anamwalira ndi matenda mu 1751 ku Fort St David, ku India, komwe ankakonza malinga a East India Company.

Charles Hutton anapitiriza ntchitoyi ku Woolwich, ku England, ndi mizinga, koma thabwa lolandira chipolopolo cha mzinga silichedwa kuphwasuka, ndipo chipangizocho chinkafunika kukhala chachikulu zedi. Njira ina inabwera ndi magetsi. Mu 1840 Charles Wheatstone anaganiza zoti chipolopolo chizidula waya wodutsa magetsi, kudukako n'kuyambitsa kapena kuimitsa wotchi. Kuyambira pamenepo mafunso anangotsala awiri: mtunda wa pakati pa mawaya awiri ndi wotani, nanga chipolopolo chatenga nthawi yanji kuudutsa?

Mwa onse amene anayesa kuyankha, amene ndimamugomera ndi msilikali wa ku Belgium, Paul-Émile Le Boulengé, ndi chipangizo chake cha m'ma 1860. Iye sanafune wotchi n'komwe. Anapachika ndodo ziwiri zachitsulo, yaitali ndi yaifupi, iliyonse yogwiridwa ndi maginito oyendera magetsi. Chipolopolo chikadula waya woyamba, ndodo yaitali inkayamba kugwa. Chikadula wachiwiri, ndodo yaifupi inkagwera pa kamsampha komasula kampeni, ndipo kampeniko kankatema chizindikiro pa ndodo yaitali ija idakali m'malere. Poti chinthu chogwa chimatsatira lamulo losasintha, malo a chizindikirocho ankaulula nthawi. Mafakitale a wonga ndi magulu ankhondo a mayiko ambiri anachigwiritsa ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Ku England ntchitoyi inagwera m'busa. Francis Bashforth, wa mpingo wa Anglican m'mudzi wa Minting ku Lincolnshire, anaitanidwa mu 1864 kukaphunzitsa masamu asilikali a mizinga ku Woolwich. Iye anandanditsa malo khumi odulira waya pa mtunda wofanana, kuti chipolopolo chimodzi chionetse mmene liwiro likucheperachepera ulendo wonse. Matebulo amene anawapanga anakhala chitsogozo cha oomba mizinga a Britain kwa zaka zambiri. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ku Aberdeen Proving Ground m'chigawo cha Maryland ku America, Alfred Loomis ndi Paul Klopsteg anakonza chipangizo chotha kunyamulika, chimene chinkaboola timabowo pa pepala lozungulira pogwiritsa ntchito kuthetheka kwa magetsi. Loomis yemweyo ndi amene pa nkhondo yachiwiri anatsogolera komiti ya boma la America yopititsa patsogolo radar.

Zonsezi zinali za boma ndi mafakitale. Komatu ku America, ndi kumayiko ena kumene malamulo amalola, kuli anthu ambiri amene amadzikonzera okha zipolopolo. Amatola timagoba tamkuwa totsala akaombera, n'kutitsuka, kuikamo kapsa katsopano koyatsira, kuyeza wonga pa sikelo yaing'ono, kenaka n'kukhomera chipolopolo pamwamba. Muyeso wawo ndi grain, ndipo ma grain 7,000 ndiwo amakwana paundi imodzi, choncho kulakwitsa pang'ono kumaoneka. Mabuku a makampani monga Hornady, Speer ndi Lyman amawauza kuchuluka kwa wonga ndi liwiro loyembekezeka, koma liwiro lam'bukulo linayezedwa pa mfuti ya kampani, osati yawo. Mpope wa mfuti ukafupika, liwiro limatsika. Kukatentha kapena kuzizira, wonga wina umayaka mosiyana. Kwa nthawi yaitali anthuwa ankangokhulupirira buku, ena n'kumadzitama ndi manambala amene sanawaonepo.

Kudzitamako kunayamba kutha pamene Ken Oehler wa ku Austin, Texas, anayamba kugulitsa kwa munthu wamba chronograph, chipangizo choyezera liwiro la chipolopolo, mu 1966. Zoyambirira zinkagwiritsa ntchito timapepala tokhala ndi njira ya magetsi, toyenera kusintha ukaombera kamodzi. Pambuyo pake kunabwera timaso tamagetsi toyang'ana kumwamba, tomwe timaona mthunzi wa chipolopolo chikamadutsa. Ngati timasoto tatalikirana masentimita 30, chipolopolo cha mamita 850 pa sekondi chimadutsa pakati pake m'gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 3,000 a sekondi. Oehler 35P ili ndi timaso titatu, kuti chipolopolo chilichonse chiyezedwe kawiri ndipo nambala yokayikitsa idziwike pomwepo.

Mtundu wa timasowu ndi umene uli wotsika mtengo mpaka pano, koma uli ndi makhalidwe ake. Umaimikidwa mamita atatu kapena anayi kutsogolo kwa mfuti kuti mpweya wotuluka kukamwa usausokoneze. Dzuwa likapendeka kapena mitambo ikamasinthasintha umaphonya, ndipo m'nyumba youniikira ndi mababu a fluorescent umapereka manambala abodza chifukwa cha kuphethira kwa kuwalako. Pabwalo loomberapo anthu ambiri, kuukonza kumafuna kuti onse aleke kuombera. Ndiye pali ngozi imene oombera amasekana nayo: chooneramo cha mfuti chimakhala pamwamba pa mpope, choncho munthu akaiwala zimenezi amaombera chipangizo chake chomwe.

Chronograph ya MagnetoSpeed inathetsa vuto la kuwala pomangirira kachitsulo kosongoka kunsi kwa mpope, komwe kamamva chipolopolo ndi maginito. Vuto lake ndi loti kulemera kwake kumatha kusuntha pamene chipolopolo chikugwera, motero amene akufuna kuona liwiro ndi kulunjika nthawi imodzi samakhutira nayo. LabRadar ya ku Canada, kenaka Garmin Xero C1 Pro ya mu 2023, zimaikidwa pambali pa woombera. Zimatumiza mafunde a wailesi amene amagunda chipolopolo n'kubwerera atasintha, monga mmene kamera ya apolisi apamsewu imagwirira minibasi yothamanga. Kusankha kumatengera thumba komanso malo: woombera yekha panja masana angakhutire ndi ya timaso, koma wa pabwalo lodzaza anthu kapena la m'nyumba radar imamupeputsira ntchito.

Odziwa bwino sathamangira nambala yaikulu. Amaombera zipolopolo khumi kapena kuposa, n'kuona kusiyana kwa chothamangitsitsa ndi chochedwetsetsa, chifukwa pa mamita 600 kusiyana kumeneko kumasanduka kukwera ndi kutsika pa chandamale. Amadziwanso kuti chronograph siyeza mphamvu ya mpweya wotsekeredwa mumpope, imene imaphulitsa mfuti. Imeneyo imayezedwa m'malabotale motsatira miyezo ya mabungwe a SAAMI ku America ndi CIP ku Ulaya. Liwiro likaposa la m'buku pa wonga wofanana, wanzeru amaleka n'kuchepetsa wonga, sakondwerera.

Pa mipikisano yoombera ya bungwe la IPSC chronograph imagamula ngati woweruza. Oyang'anira amatenga zipolopolo zingapo kwa wopikisana aliyense, chimodzi amachizula n'kuchiika pa sikelo, zitatu amaziombera ndi mfuti ya mwiniwakeyo. Kulemera kwa chipolopolo mu ma grain amakuchulukitsa ndi liwiro la mafiti pa sekondi, n'kugawa ndi 1,000. Pa mfuti zam'manja, zotsatira zikalephera kufika 125 ngakhale atayezanso, munthuyo amaloledwa kupitiriza kuombera, koma mapointi ake sawerengedwa.