Manja a Madokotala ndi Imfa za M'chikuta ku Vienna

Matenda a poizoni wa m'magazi amayamba mabakiteriya akalowa m'magazi kudzera pabala. Thupi limatentha, mtima umathamanga, kenako ziwalo zimayamba kufooka chimodzichimodzi. M'zaka za m'ma 1800 ku Ulaya, matendawa ankapulula amayi amene angochira kumene, poti nthawi imeneyo chiberekero chimakhala chikadali chilonda. Mayi ankabereka bwinobwino, koma pakapita masiku awiri kapena atatu ankayamba kunjenjemera, mimba n'kutupa, posakhalitsa khanda n'kutsala lamasiye. Madokotala ambiri ankati vuto ndi mpweya woipa.

Pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna panali mawodi awiri ochirira. M'wodi yoyamba munkaphunzira ofuna udokotala, m'yachiwiri munkaphunzira azamba. Pakati pa 1841 ndi 1846, m'wodi ya madokotala munkamwalira amayi pafupifupi 10 pa 100 alionse, pamene kwa azamba sankafika n'komwe 4. Mbiriyi inawanda mumzinda monse, moti amayi ena ankachita kugwada, kupempha kuti asawagoneke kwa madokotala. Chodabwitsa china n'chakuti amene ankachirira panjira asanafike kuchipatala sankadwala kawirikawiri.

Ignaz Semmelweis, dokotala wa ku Hungary amene anayamba ntchito m'wodi yoyambayo mu 1846, anayesa zonse zimene anthu ankaganizira. Anasintha kagonedwe ka amayi pochira. Anapempha wansembe wodzadzoza odwala kuti aleke kudutsa m'wodimo ndi belu, poti ena ankati amayi akufa ndi mantha. Imfa sizinachepe.

Yankho linabwera ndi maliro. Mu March 1847 mnzake, Jakob Kolletschka, anamwalira atachekedwa chala ndi mpeni wa wophunzira pong'amba mtembo, ndipo m'thupi mwake munapezeka zizindikiro zomwe zija za amayi a m'chikuta. Apa Semmelweis anatulukira chimene chinkachitika: ophunzira ankayamba tsiku ndi kung'amba mitembo, n'kupita kukapima amayi manja akununkhabe mtembo. Azamba sankakhudza mitembo. Mu May chaka chomwecho analamula kuti aliyense asanakhudze mayi azisamba m'manja ndi madzi a klorini, amene ankathetsa fungolo. Mu April anali atamwalira amayi 18 pa 100 alionse; pofika June anatsika kufika pa 2.

Akuluakulu a zachipatala sanakondwere nazo. Kuvomera kukanatanthauza kuti manja awo omwe ndiwo ankapha anthu, komanso Semmelweis sankatha kufotokoza chenicheni chimene chinali pamanjapo, chifukwa za tizilombo zinali zisanadziwike bwino. Nayenso sanadzithandize: anachedwa kulemba, buku lake linatuluka mu 1861, ndipo otsutsana naye ankawalembera makalata owatchula kuti ndi ambanda. Ntchito ya ku Vienna inamuthera mu 1849, ndipo chaka chotsatira anasamukira kumzinda wa Pest ku Hungary. Anamwalira pa 13 August 1865 m'chipatala cha odwala misala ku Vienna, ali ndi zaka 47, bala la padzanja litalowetsa poizoni m'magazi.

Sanali woyamba kukayikira manja a othandiza amayi. Alexander Gordon wa ku Aberdeen anazinena mu 1795, ndipo Oliver Wendell Holmes wa ku Boston mu 1843. Koma mwambo wosamba m'manja unakhazikika pamene Joseph Lister anaonetsa mu 1867 kuti mankhwala a kaboliki amateteza mabala a opareshoni, ndiponso Louis Pasteur atapeza mabakiteriya m'magazi a amayi odwalawo mu 1879. Mankhwala ochiza amene wadwala kale anachedwa kwambiri. Mu 1936 Leonard Colebrook anayesa Prontosil pachipatala cha Queen Charlotte's ku London, imfa za m'chikuta n'kutsika kwambiri, ndipo m'ma 1940 penisilini anayamba kufika m'zipatala.