Manja a Alendo pa Galimoto Zaliwiro za ku Britain

Mu Malichi 1961 kampani ya Jaguar inaonetsa koyamba galimoto yake ya E-Type pachionetsero cha mumzinda wa Geneva. Inali yaifupi msinkhu, ya boneti yaitali ngati bwato lovundikira, ndipo mipando yake iwiri inali pafupi ndi mateyala akumbuyo. Mu 1996 nyumba ya zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inaiika m'gulu la chuma chake. Olemba ambiri amatenga kukongola kotereku ngati chibadwa cha Angerezi. Koma mbiri imasonyeza kuti maonekedwe amenewa anaumbidwa ndi kusowa kwa chitsulo, zofuna za msika wa ku America, ndi luso la anthu obwera, awiri mwa iwo ochokera ku Natal.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, boma la Britain linali m'ngongole zazikulu, choncho linkagawa chitsulo kwa makampani molingana ndi katundu amene ankagulitsa kunja. Galimoto zazing'ono zamipando iwiri zinapeza msika ku America. Fakitale ya MG ku Abingdon inapanga galimoto za TC pafupifupi 10,000 pakati pa 1945 ndi 1949, zonse zooneka ngati za nkhondo isanayambe: mateyala a masipoko, ndi nyali zoima pazokha. Kusintha kunadza mu 1948 ndi Jaguar XK120, yomwe thupi lake linali mzere umodzi woyenda ngati funde kuchokera kumphuno kukafika kumchira. William Lyons, mkulu wa kampaniyo, sanaphunzire zojambula kusukulu. Ankaima ndi amisiri osula malata, kuwauza popinda ndi powongola mpaka diso lake litakhuta. Galimoto zoyamba pafupifupi 240 zinasulidwa ndi manja kuchokera ku aluminiyamu.

Pa diso la Lyons, Malcolm Sayer anaonjezapo masamu. Iyeyu anali atagwirapo ntchito kukampani yopanga ndege ya Bristol, ndipo sankafuna kutchedwa wokongoletsa galimoto. Kupindika kulikonse kwa thupi ankakuwerengera ndi manambala, kenaka ankamata tizingwe ta ubweya pagalimoto kuti aone momwe mpweya ukuyendera ikamathamanga. C-Type yake inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans mu 1951 ndi 1953, ndipo D-Type inapambana zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1955. E-Type inatengera kwa makolo ake amenewa. Inkafika liwiro la makilomita 240 pa ola, koma mtengo wake, mapaundi pafupifupi 2,100, unali ngati theka chabe la mtengo wa Aston Martin wa nthawi imeneyo.

Kampani ya Lotus, imene Colin Chapman anaikhazikitsa mu 1952, inalibe chuma chogulira makina aakulu opindira chitsulo. Inasankha pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi, yemwe amaumbika m'chikombole chotsika mtengo ndipo ndi wopepuka. Apa ndi pamene Ron Hickman analowera. Anabadwira ku Greytown, m'chigawo cha Natal, mu 1932, nasamukira ku London mu 1954. Atagwira ntchito yojambula galimoto kukampani ya Ford ku Dagenham, anapita kwa Chapman, ndipo ndiye anatsogolera ntchito yokonza Lotus Elan ya 1962. Thupi lake lopepukalo linakhala pamsana umodzi wachitsulo, nyali zake zinkabisala m'boneti n'kumatuluka zikafunika, ndipo yonse inkalemera makilogalamu osakwana 700. Inalibe zokometsera. Kukongola kwake kunali m'kuchepa kwake ndi m'kulingana kwa ziwalo zake. Mazda MX-5 ya ku Japan, yomwe inatuluka mu 1989, inatsanzira kwambiri maonekedwe amenewa.

Amisiri a ku Italy nawonso anasiya zala zawo. Thupi la Aston Martin DB4 ya 1958 linajambulidwa ndi kampani ya Touring ya ku Milan, ndipo DB5, imene dziko linaidziwa kudzera m'filimu ya James Bond ya 1964, inangokulitsa ntchito yomweyo. Giovanni Michelotti anajambula Triumph TR4 ndi Spitfire. Giorgetto Giugiaro anapatsa Lotus Esprit ya 1976 thupi lakuthwa ngati nkhwangwa. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'mafakitale amenewa kalumoko kanameta ndithu.

Msika umene unalera galimotozi ndi womwewo unaziwononga nkhope. Malamulo a chitetezo a ku America anachotsa magalasi ovundikira nyali za E-Type chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1974 MGB inavekedwa mabampala akuluakulu akuda m'malo mwa achitsulo chonyezimira, ndipo inakwezedwa msinkhu kuti nyali zake zifike pamlingo wa lamulo. Ngakhale kuti MGB zoposa 500,000 zinapangidwa, fakitale ya ku Abingdon inatsekedwa mu 1980.

Munthu wachiwiri wa ku Natal anatulukira m'mipikisano. Gordon Murray anabadwira ku Durban mu 1946, napita ku England mu 1969. Atapanga galimoto zamipikisano za Brabham ndi McLaren, anatsogolera ntchito ya McLaren F1 ya 1992, mothandizana ndi Peter Stevens amene anakonza maonekedwe akunja. Dalaivala ankakhala pakati, okwera awiri m'mbali mwake chakumbuyo pang'ono, ndipo mpangidwe wa thupi lonse unachokera pa kakhalidwe kameneka. Injini inali ya BMW ya ku Germany. Zinapangidwa 106 zokha, ndipo mu 1998 imodzi inafika liwiro la makilomita 386 pa ola. Murray wakhala akutchula Elan ngati galimoto imene amayezera zina zonse, motero mzere wa luso umene anthu amautcha wachingerezi unadutsa kuchokera m'manja mwa mwana wa ku Greytown kupita m'manja mwa mwana wa ku Durban.

Eni a mayina akalewa anasinthanso. MG inalowa m'manja mwa SAIC ya ku China mu 2007, Jaguar inagulidwa ndi Tata Motors ya ku India mu 2008, ndipo Geely ya ku China inatenga gawo lalikulu la Lotus mu 2017. Jaguar F-Type, imene Ian Callum anaijambula mokumbukira E-Type, inaleka kupangidwa mu 2024. Ena amadandaula kuti mwambo wagulitsidwa. Koma mwambowu unali wa anthu a mitundu yambiri kuyambira kale. Chimene Britain inapereka ndi timafakitale tating'ono, mipikisano yoyeserapo nzeru, ndi umphawi wa zipangizo umene unakakamiza amisiri kuchotsa chilichonse chosafunika. Zikatayika zimenezi, dzina lokha lomatidwa paboneti silingabweze maonekedwe aja.