Za Domasi ndi Aphunzitsi a Jeanes

Ife a kuno ku Songani tiyenera kukumbuka umo sukulu inafikira m'cigwa cathu cino. M'caka ca 1884 Alexander Hetherwick wa Misyoni ya Blantyre anayamba nchito pa Domasi, m'dziko la mfumu Malemia. Masiku amenewo nkhondo zogwira akapolo zinali zisanathe. Ndipo m'caka ca 1895 Kawinga anatsika ku Cikala kudzathira nkhondo Malemia, koma asilikari a Boma anamgonjetsa, ndi misyoniyo inakhalabe.

Pambuyo pace, m'caka ca 1929, Boma linatsegula sukulu ya Jeanes pa Domasi. Dzinali ndi la mai Anna Jeanes wa ku Philadelphia, m'dziko la Pennsylvania, amene m'caka ca 1907 anapereka cuma cace kuthandiza masukulu a ana akuda a kumidzi ku America. Aphunzitsi anadza ndi akazi ao, naphunzira za ulimi ndi ukhondo, nabwerera kukayendera masukulu a m'midzi.

Inu aphunzitsi, anafesa mbeu imeneyi ndi ena, thukuta linali lao. Kupalira kwatsalira ife. Tikataya khasu, ana athu adzakolola ciani?