Masitolo Akulu ndi Nchito Zimene Abweretsa

Kale munthu akalowa m'sitolo ankaima pa thebulo nanena cimene afuna, ndipo mwini sitolo ndiye ankamtengera. Lero kuli masitolo akulu m'mene wogula ayenda yekha ndi dengu, nasankha katundu, nalipira potuluka. Tiyeni tione mbiri ya kampani imodzi ya masitolo otere.

M'caka ca 1979 kampani ya Pep Stores inagula masitolo 8 ang'onoang'ono a ku Cape, m'dziko la South Africa, dzina lao Shoprite. Woyang'anira wake anali Whitey Basson. Iyeyu anakulitsa malondawo pogula masitolo a ena: a Checkers mu 1991, ndi a OK Bazaars mu 1997. A OK Bazaars anali kutaya ndalama kwambiri, kotero kuti eni ake anawagulitsa pa mtengo wa randi imodzi yokha! Pofika 2023 anchito a Shoprite anali oposa 150,000. Ena alandira ndalama pakhomo, ena aphika buledi, ena adula nyama, enanso ayendetsa magalimoto a katundu.

Mu 1995 kampaniyi inaoloka Zambezi nitsegula sitolo mu mseu wa Cairo ku Lusaka, ndipo pambuyo pake inafika m'mizinda ina ya Zambia, mpaka ku Chipata. Anyamata ndi atsikana ambiri analembedwa nchito. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Alimi a ku Luangeni, kufupi ndi Chipata, anadandaula kuti ndiwo zamasamba zocokera kutali zawalanda malonda, kufikira panapangidwa pangano lakuti sitoloyo izigulako zokolola zao. Mu 2013 anchito a Shoprite m'Zambia ananyanyala nchito pofuna malipiro okwanira. Anthu ngati 3,000 anacotsedwa, koma Boma litaopseza kuti lilanda cilolezo ca malonda, kampaniyo inawabweza pa nchito.

Tsono mbiri imeneyi itiphunzitsa kuwerenga bwino. Tikamva kuti sitolo yatsopano idzalemba anthu mazana, tisaombe m'manja msanga. Tiyambe tafunsa mafunso awiri: kodi malipiro ao adzakwana kudyetsa banja? Nanga kabichi ndi matimati a m'sitolomo adzacokera m'dimba la yani? Pakuti sitolo yogula kwa alimi a pafupi ipatsa nchito ngakhale kwa munthu amene sanalowemo ndi kale lonse.