Malire a Pamsewu wa M1 ku Ntcheu

Malire a pamsewu wa M1 ndi chigawo cha malire a Malawi ndi Mozambique chimene chimatsata msewu waukulu wa Lilongwe ndi Blantyre, pakati pa Dedza ndi Ntcheu. M'malo ambiri pamtundawu, kum'mawa kwa tala ndi ku Malawi, pomwe kumadzulo ndi kuchigawo cha Tete, m'maboma a Angonia ndi Tsangano. Palibe khoma, palibe waya. Zilipo ndi zipilala apo ndi apo basi.

Mzerewu udachokera m'pangano limene Britain ndi Portugal adasainirana pa 11 June 1891. Adagwirizana kutsata pamsana pa mapiri, pamene madzi a mvula amagawanika: ogwera kumadzulo amakathira mu Revubue mpaka ku Zambezi, ogwera kum'mawa amatsetsereka ndi mitsinje ngati Livulezi kulowera kunyanja, ena ku Shire. Munthu wa ku Kasinje, kuchigwa chotentha cha Bwanje, akatukula maso kumapiri a kumadzulo, malirewo ali kuseri kwake. Kuti akafikeko ayenera kukwera chitunda, kudzera ku Kandeu, n'kukatulukira kumtunda kozizira.

Olemba panganolo sadafunse eni nthaka. Angoni a Maseko ankalamulira mbali zonse ziwiri, ndipo likulu la Inkosi Chikuse lidali ku Domwe, phiri limene lero lili ku Mozambique. Mwana wake, Gomani Woyamba, adaphedwa ndi atsamunda a ku Britain mu 1896. Likulu la ufumu wa Gomani tsopano lili ku Lizulu, pamalire penipeni, ndipo mwambo wa Umhlangano umachitikira ku Nkolimbo. Mtundu ndi umodzi, ziwongo n'zimodzi, Chichewa n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake mayi wa ku Mlangeni amatha kukhala ndi dimba tsidya linalo, ndipo maliro akagwa uko amangowoloka msewu ndi kamtolo ka nkhuni pamutu.

Ubalewu udaonekera poyera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992. Othawa nkhondo amene adalowa m'Malawi adapitirira 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa ofikira ku Ntcheu ndi ku Dedza adakhala m'midzi, pakati pa abale awo. Iyi ndi mbiri yoyenera kuphunzitsidwa bwino m'sukulu za m'derali, poti anthu osauka adagawana ufa ndi minda kwa zaka zambiri. Pangano lothetsa nkhondoyo lidasainidwa mumzinda wa Rome pa 4 October 1992.

Kwina malire akale adasanduka njira ya alendo. Kumpoto kwa England kuli khoma limene Aroma adayamba kumanga m'chaka cha 122 polamulidwa ndi mfumu Hadrian, lotalika makilomita pafupifupi 117, lokhala ndi zipata ndi tinyumba ta asilikali. Mu 2003 kudatsegulidwa njira ya oyenda pansi ya makilomita 135, kuchokera ku Wallsend kukafika ku Bowness-on-Solway, ndipo ambiri amaimaliza pa sabata imodzi. Kumeneko mlendo amakaona miyala ya ufumu umene udatha kalekale. Kuno malire akugwirabe ntchito, ndipo owayenda ndi eni ake: ana asukulu, akabaza, amayi opita kuchigayo.

Woyenda pansi kuchokera ku Dedza amadutsa Lizulu, Mlangeni, mphambano ya ku Tsangano ndi Biriwiri asanatsikire ku Ntcheu. Pa Lizulu ndi pamphambano ya Tsangano mpamene pali moyo. Mbatatesi zaunjikidwa m'ndowa mpaka pamwamba, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti zandandalikidwa m'mphepete mwa tala, ndipo basi ikangoima, ogulitsa amaizinga mabeseni ali m'mwamba. Zina mwa mbewuzi zimalimidwa tsidya la Mozambique, koma wogula safunsa.

Nyengo yabwino yoyendamo ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha, ngakhale kumtundaku kumazizira kwambiri ndipo m'mawa kumachita chifunga. Choopsa chachikulu ndi magalimoto, makamaka mathiraki, choncho ndi bwino kuyenda mbali yoyang'anana ndi galimoto zobwera, ndiponso masana okhaokha. Mlendo wofuna kulowa mkati mwa Mozambique adzere pachipata chovomerezeka, monga cha ku Dedza kapena cha ku Biriwiri, ali ndi zikalata zake.